MALUNGO A APUSI NDI MAFUTA A M'MWAZI

Udzudzu ukaluma munthu, kacirombo ka malungo kathamangira ku ciwindi, ndipo pambuyo pace kalowa m'maselo ofiira a m'mwazi, m'mene kaswana. Kodi kapeza kuti zomangira matupi a ana ace? Apusi a ku Asia anathandiza kuyankha funso ili.

M'caka ca 1931, ku Calcutta m'dziko la India, asing'anga anapeza kacirombo m'mwazi wa pusi wa mcira wautali wocokera ku Singapore. Robert Knowles ndi Das Gupta analongosola makhalidwe ace mu 1932, ndipo kanachedwa Plasmodium knowlesi. Pusi wa mcira wautali sadwala nako kwenikweni, koma pusi wochedwa rhesus akapanda kulandira mankhwala afa m'masiku owerengeka.

Kacirombo aka kacuruka msanga, pakuti maora 24 ali onse kamodzi kabala ana ofikira 16. Mwana ali yense afuna khungu lace, ndipo khungulo limangidwa ndi mafuta. Koma selo lofiira silipanga mafuta, ndiponso kacirombo sikatha kupanga mafuta aja ochedwa kolesterolo. Cifukwa cace kangotapa mafuta oyenda m'mwazi wa mwini thupi, monga mlendo womanga nyumba ndi mitengo ya mwini mudzi. Ku Liverpool, Brian Maegraith ndi anzace anayesa mafuta a m'mwazi ndi a m'ciwindi mwa apusi odwala, nalemba mu 1971 za kusintha kwace pamene matenda akula.

Mwa anthunso mafuta asintha. Munthu akagwidwa ndi malungo, kolesterolo atsika, mafuta ena ochedwa triglyceride nakwera. Akacira, zonse zibwerera m'malo mwace.

Nkhaniyi si ya apusi okha. Mu 2004 kunadziwika kuti anthu ambiri a ku Kapit, pa cisumbu ca Borneo, anali kudwala malungo a knowlesi. M'Zambia malungo ambiri adza ndi kacirombo kena, falciparum, komabe nakonso kakhalira mafuta a m'mwazi. Motero akatswiri ali kufunafuna mankhwala oletsa kacirombo kumanga khungu la ana ace.

Koma omvera asaganize kuti kusala nyama yonona kapena nsinjiro kupha malungo, pakuti ciwindi cipanga mafuta ngakhale munthu asawadye. Womva kutentha thupi apite msanga ku cipatala akayesedwe mwazi.