MAINA AMENE TIMAWALUMPHA



Tiyeni tinene zoona. Tikatsegula Mateyu 1, ambiri a ife timalumpha ndime 1 mpaka 17, pakuti ndi maina okha okha, ena obvuta kutchula. Koma m'menemo muli chakudya chathu.

Mateyu awerenga mibadwo kuyambira Abrahamu kufikira Yesu m'magawo atatu, gawo liri lonse mibadwo 14. Ayuda ankawerenga mtundu kuchimuna, osati kuchikazi monga Achewa, komabe iye anaikamo akazi asanu. Tamara anali wamasiye amene apongozi ache Yuda anammana chilungamo. Rahabi anali wadama wa ku Yeriko. Rute anali mlendo wa ku Moabu, wopeza chakudya pokunkha m'munda wa Boazi. Mkazi wa Uriya anatengedwa ndi Davide, mwamuna wache naphedwa kunkhondo. Wachisanu ndiye Mariya, amene Yosefe anatsala pang'ono kumsiya chifukwa cha pakati.

Mulungu sanachite nao manyazi. Nanga ife? Alipo amai anzathu amene amakhala kumbuyo chifukwa ndi obwera, kapena amasiye, kapena anagwapo kale m'tchimo, ndipo ife timawanong'ona. Ena analeka kubwera. Tikadakhala ku Betelehemu, kodi Rute tikadamuyalira mphasa?

Luka 3 apitiriza mainawa kufikira Adamu, kutisonyeza kuti Yesu ndiye mbale wa anthu a mitundu yonse. Tsono chaka chino chisanathe, titsegule buku lathu la maina, tione amene asowa, tikawayendere awiri awiri.

Ambuye atithandize. Amen.