Benoni: Kulira kwa Rakele ndi Thandizo la Madokotala pa Kubereka

Kuwerenga: Genesis 30:1-24 ndi 35:16-20

 Lero tikamba nkhani imene mabanja ambiri amaikamba monong'ona, chitseko chili chotseka. Ndi nkhani ya kusowa mwana m'banja, ndi njira zimene madokotala a masiku ano amathandizira nazo mabanja otere kuti abereke.

Kum'mawa kwa Johannesburg kuli dera lalikulu lotchedwa Ekurhuleni, limene kale linkadziwika kuti East Rand. Abale athu ambiri amene anabwera kudzafuna ntchito amakhala m'dera limeneli, ku Tembisa, Germiston, Boksburg, Kempton Park ndi Daveyton. Umodzi mwa mizinda yake ndi Benoni. Dzina limeneli linaperekedwa mu 1881 ndi Johann Rissik, woyeza malo wa boma la Transvaal, pa famu ina imene inamuvuta kuyeza. Iye analitenga m'buku la Genesis, ndipo tanthauzo lake ndi mwana wa chisoni changa. Amene anayamba kulitchula ndi Rakele, mkazi wa Yakobo, pamene moyo wake unali kutha.

Tikumbutsane mbiri yake. Rakele anali wokondedwa ndi mwamuna wake, koma analibe mwana, pamene mkulu wake Leya anali atabereka ana aamuna anayi. Nsanje ndi manyazi zinamudya mumtima, kufikira anauza Yakobo kuti akapanda kumupatsa ana iye afa. Yakobo anapsa mtima, namukumbutsa kuti iye si Mulungu. Pamenepo Rakele anayamba kufuna njira zake. Anapereka mdzakazi wake Biliha kwa mwamuna wake kuti amuberekere. Anapemphanso kwa Leya zipatso zina zakuthengo zimene anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti zimathandiza kutenga pakati. Patapita nthawi Mulungu anamukumbukira, ndipo anabereka Yosefe. Koma pobereka mwana wachiwiri, panjira ya ku Betelehemu, iye anamwalira. Mwanayo anamutcha Benoni, ndipo atate wake anasintha dzinalo kukhala Benjamini.

Phunziro limene tikutenga m'nkhani imeneyi ndi limodzi. Mwana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, monga Salmo 127 likutiphunzitsa. Si ngongole imene mkazi ali nayo kwa mwamuna wake, ndipo si katundu amene munthu angagule. Tikagwira choonadi chimenechi, tidzadziwa mmene tingalandirire thandizo la chipatala, ndi pamene tiyenera kuimira.

Kusabereka si temberero

Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake. Madokotala amanenanso kuti pafupifupi pa theka la mabanja otere vuto limakhudza mwamuna, kaya yekha kapena pamodzi ndi mkazi. Kwathu kuno ku Africa, chimene chimatseka njira za mazira mwa amayi ambiri ndi matenda amene sanachizidwe msanga: matenda opatsirana pogonana monga chinzonono, amene nthawi zina amabwera ndi mwamuna yemweyo, kapena matenda olowa m'chiberekero pambuyo pa kubereka kapena kupita padera.

Komatu m'midzi mwathu chala chimaloza mkazi. Amamutcha chumba, ndipo mwamuna akadziwika amamutcha gojo. Banja likakhala ku Joni zaka zitatu popanda mwana, foni yochokera kumudzi siileka kulira: apongozi afuna kudziwa ngati mtengwa wawo akungodya ndalama za mwana wawo. Ena amalangiza mitala. Ena amakumbutsa mwambo wolowetsa fisi m'nyumba mwamseri. Enanso amathamangira kwa asing'anga amene mapepala awo amamatidwa pa mitengo ya magetsi, kapena kwa aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta. Zonsezi ndi njira za Rakele asanakumbukiridwe ndi Mulungu.

Abale, werengani Luka mutu woyamba. Zakariya ndi Elizabeti anali olungama pamaso pa Mulungu, koma anakalamba opanda mwana. Hana anali mayi wopemphera, koma analira zaka zambiri. Ukwati wa Adamu ndi Hava unali wokwanira pamaso pa Mlengi mwana asanabadwe. Tsono amene alibe mwana asadziyese wotayidwa, ndipo mwamuna asakane kupita ndi mkazi wake kukayezedwa.

Kodi madokotala amachita chiyani?

Mabanja ambiri amathandizidwa ndi njira zapafupi: kuchiza matenda, mankhwala othandiza kuti dzira likhwime, kapena opaleshoni yotsegula njira zotsekeka. Zimenezi zikalephera pali njira yotchedwa IVF. Mayi amabayidwa jekeseni kwa masiku angapo kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Dokotala amachotsa mazirawo nawakumanitsa ndi mbewu ya mwamuna m'kambale, mu labotale. Dzira likalandira mbewu limasanduka mluza, ndipo pakapita masiku atatu kapena asanu mluzawo umaikidwa m'chiberekero kuti ukule monga mimba ina iliyonse.

Mwana woyamba wobadwa mwa njira imeneyi ndi Louise Brown, amene anabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham, m'dziko la England, mothandizidwa ndi Patrick Steptoe ndi Robert Edwards. Ku South Africa mwana woyamba wotere anabadwa mu 1984 pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Lero ana obadwa chotere ndi mamiliyoni. Koma dziwani kuti njirayi siilonjeza mwana. Nthawi zambiri ulendo woyamba sutheka, mwayi umachepa mayi akamakula, ndipo pa zipatala zolipira ulendo umodzi umadya marandi zikwi makumi angapo.

Kodi Mkhristu angalowe pakhomo limeneli? Akhristu sagwirizana onse. Mpingo wa Katolika unanena poyera mu 1987 kuti sulola IVF, chifukwa imalekanitsa kubereka ndi kukhala pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi wake. Mu June 2024 msonkhano wa mipingo ya Southern Baptist ku America unachenjeza anthu ake kuti mluza uliwonse ndi moyo wa munthu, ndipo asamale pa chiwerengero cha miluza yopangidwa. Akhristu ena ambiri amaona kuti njirayi ndi chithandizo cha mankhwala monga china chilichonse, ngati ichitika mkati mwa ukwati.

Ife tikuona chotere. Mawu a Mulungu sanyoza dokotala: Luka anali sing'anga wokondedwa wa Paulo, ndipo Ambuye Yesu anavomereza kuti odwala amafuna wowachiza. Dokotala angathe kukumanitsa dzira ndi mbewu, koma sangalamule moyo kuti uyambe. Mlimi amabzala ndi kuthirira, womeretsa ndi Mulungu. Mwana wobadwa mwa IVF analengedwa m'chifanizo cha Mulungu monga mwana wina aliyense, ndipo wina asamutche mwana wa m'botolo. Komabe akuluakulu anati safunsa anadya phula. Banja lachikhristu lisanasaine mapepala a chipatala lidzifunse mafunso atatu.

Funso loyamba: miluza yotsala ipita kuti?

Kawirikawiri pamapangidwa miluza yambiri kuposa imene idzaikidwe m'chiberekero. Yotsalayo imasungidwa pamalo ozizira kwambiri, ndipo pakapita zaka ina imatayidwa, ina imaperekedwa kwa ofufuza. Salmo 139 limatiuza kuti Mulungu amamudziwa munthu ziwalo zake zisanaumbike. Ngati ndi choncho, mluza si chinthu chongotsala ngati mbewu ya chimanga m'nkhokwe. Banja lili ndi ufulu wouza dokotala kuti akumanitse mazira owerengeka okha, molingana ndi ana amene banjalo lakonzeka kuwalandira. Zimenezi zingachepetse mwayi ndi kuwonjezera ndalama, koma chikumbumtima chidzakhala choyera. Musapange moyo umene simufuna kuupatsa malo pakhomo panu.

Funso lachiwiri: kodi munthu wachitatu akulowa m'pangano?

Nthawi zina dokotala amalangiza kugwiritsa ntchito mbewu ya mwamuna wina, dzira la mkazi wina, kapena kuti mayi wina anyamule mimba m'malo mwa mwini wake. Dziko lino likuidziwa bwino nkhani imeneyi. Pa 1 October 1987, mayi wina wa zaka 48 wa ku Tzaneen anabereka ana atatu pa chipatala china ku Johannesburg, ndipo anawo anali adzukulu ake enieni. Anawanyamulira mwana wake wamkazi amene chiberekero chake chinachotsedwa. Palibe angakane kuti chinamukakamiza ndi chikondi.

Lamulo la ana la South Africa la mu 2005 limalola kunyamulirana mimba, koma pali malire. Pangano liyenera kuvomerezedwa ndi Khoti Lalikulu mimba isanayambe. Mayi wonyamulayo saloledwa kulandira malipiro, koma kubwezeredwa zimene wawononga ndi kutaya chifukwa cha mimbayo. Ndiponso mwanayo ayenera kukhala ndi magazi a mmodzi mwa makolo opempha, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linatsimikiza mfundo imeneyi mu November 2016.

Koma chololedwa ndi boma si chonse chimene chimamanga banja. Taonani nyumba ya Abrahamu pamene Hagara anaberekera Sara, ndi nyumba ya Yakobo pamene Biliha anaberekera Rakele. Ana anabadwa ndithu, ndipo Mulungu anawasamala, koma mtendere unachoka pakhomo. Ndiponso palibe pamene tiwerenga kuti Biliha anafunsidwa maganizo ake. Ukwati ndi pangano la anthu awiri, ndipo mwana akakula adzafuna kudziwa kumene anachokera. Uphungu wathu ndi wakuti dzira ndi mbewu zikhale za mwamuna ndi mkazi wake. Ndipo inu alongo athu amene muli pa mavuto a ndalama m'dziko la eni, wina akabwera mwamseri kufuna kugula mazira anu kapena kubwereka mimba yanu, kanani. Thupi lanu ndi kachisi wa Mzimu Woyera.

Funso lachitatu: tikulandira mwana kapena tikusankha katundu?

Luso lomwelo lothandiza kubereka lingathenso kuyeza miluza ndi kusankha wokondedwa, ena nkutayidwa. Mu 2018 wasayansi wa ku China, He Jiankui, analengeza kuti kwabadwa ana amapasa amene iye anasintha chibadwa chawo akali miluza. Asayansi anzake anamudzudzula, ndipo mu 2019 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu. Ngakhale anthu osapemphera anaona kuti malire adumphidwa. Wolandira mphatso sauza wopereka kuti ikhale yotani. Mwana wamkazi ndi mphatso, mwana wolumala ndi mphatsonso. Ndiponso musagulitse munda wa kumudzi ndi kulowa m'ngongole za katapira chifukwa choopa mawu a anthu. Gwirizanani awiri poyambirira kuti mudzayesa kangati, ndi pamene mudzalekere.

Ubale woposa magazi

Pali nkhani ina ya ku Ekurhuleni imene si ya IVF, koma ikutiphunzitsa za ukholo. Mu 2010, pa chipatala cha Tambo Memorial ku Boksburg, makanda awiri obadwa tsiku limodzi, wamwamuna ndi wamkazi, anasinthanitsidwa mwangozi. Zinadziwika mu 2013 atayeza magazi pa mlandu wa chithandizo cha mwana. Mu November 2015 Khoti Lalikulu ku Pretoria linagamula kuti mwana aliyense akhale ndi banja limene linamulera, koma aziwonana ndi makolo omubereka. Oweruza sanataye magazi, koma anazindikira kuti amene anadzuka usiku, kuyamwitsa ndi kubereka mwana kumsana ndi kholo ndithu.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Moredekai analera Estere, mwana wamasiye wa m'bale wa atate ake. Yosefe wa ku Nazarete analera Ambuye wathu amene sanali wa magazi ake. Ife tonse okhulupirira, monga Aefeso mutu woyamba utiphunzitsa, tinalandiridwa m'banja la Mulungu ngati ana kudzera mwa Khristu. M'mayiko athu muli ana amasiye ochuluka. Mwina pemphero la banja lina lidzayankhidwa m'chipinda cha dokotala, ndipo la banja lina lidzayankhidwa pa ofesi ya boma yoona za kulera ana. Njira zonse ziwiri Mulungu angathe kuzidalitsa.

Tsono inu amene mukulira, pitani kuchipatala awiri, funsani mafunso onse, pempherani pamodzi, ndipo musachite kanthu kamene chikumbumtima cha mmodzi wa inu chikukana. Inu amuna, khalani chishango cha akazi anu pamaso pa abale anu. Inu apongozi, lekani mafunso obaya mtima. Inu abusa ndi amayi a mvano, musalonjeze mwana pa tsiku limene Mulungu sananene, ndipo musamane udindo mumpingo munthu chifukwa alibe mwana. Chosowa chachikulu cha munthu si mwana wodzamuika m'manda, koma Mpulumutsi wodzamudzutsa m'mandamo. Ngati simunamulandire Yesu Khristu, mlandireni lero.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, mwini moyo wonse, kumbukirani mabanja amene akudikira, monga munakumbukira Rakele ndi Hana. Patsani nzeru madokotala, ndi mantha oyenera pa moyo umene ali nawo m'manja. Tetezani ana osabadwa ndi ana amasiye. Amene simudzawapatsa ana a m'mimba mwawo, muwapatse mtendere wanu ndi ntchito yobala zipatso mu Ufumu wanu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.