Tizilombo mumkodzo wa mwana: tisathamangire makapisozi

Asisi, azichemwali, lero tikamba za mkodzo. Eya, sekani pang'ono, kenako timvetserane, chifukwa ambirife tili ndi mwana kapena mng'ono wathu kupulayimale.

Mtsikana akhoza kukhala ndi mabakiteriya mumkodzo koma osamva kalikonse. Akudya bwino, akusewera fulaye, thupi silikutentha. Kofala kwambiri ndi E. coli, kachilombo kamene kamakhala m'matumbo mwa tonsefe. Atsikana zimawachitikira kuposa anyamata chifukwa njira yawo ya mkodzo ndi yaifupi, komanso yayandikana ndi kotulukira chimbudzi. Ndi chibadwa basi, si khalidwe loipa ayi.

Ndiye tamverani apa. Mwana amene alibe chizindikiro chilichonse, kawirikawiri safunika maantibayotiki. Tizilomboto timatha tokha. Tikamumwetsa mankhwala, timapha tizilombo tofooka, totsalato n'kuswana, ndipo timeneto ndi tosamva mankhwala. Tsiku limene mwanayo adzadwaledi, Bactrim uja kapena amoxicillin wa pagolosale uja sadzagwira ntchito.

Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mankhwala operewera kumazolowetsa tizilombo. Mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi mabakiteriya osamva mankhwala. Musaganize kuti ndi zakutali. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza amene anayang'ana zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016 anapeza kuti E. coli wosamva mankhwala amphamvu wachuluka kwambiri.

Sitikunena kuti mwana wodwala tizingomuyang'ana ayi. Akamva kuwotcha pokodza, akamakodza pafupipafupi, akatentha thupi, akamva kupweteka pansi pamimba kapena m'mbali mwa msana, kapena akayambiranso kukodza pogona, tipite naye kuchipatala akamupime mkodzo. Timumvere kaye, tisayambe ndi kumukalipira. Magazi mumkodzo, makamaka ngati amasambira kunyanja kapena kumtsinje, akhoza kukhala likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel, osati makapisozi.

Amayi oyembekezera, yanu ndi ina. Tizilombo tikapezeka mumkodzo kusikelo, mumwe mankhwala ngakhale simukumva kupweteka, chifukwa tikhoza kukwera kuimpso kapena kuchititsa mwana kubadwa masiku asanakwane.

Nanga tichite chiyani? Tisiye kugula maantibayotiki osawonana ndi achipatala. Tisagawane otsala, zoti "anandithandiza ine, mupatseni wanuyo" zithe. Akatilembera, timwetse mwana ndendende momwe atiuzira. Tiphunzitse atsikana kudzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kumwa madzi okwanira.

Koma mwana angamwe bwanji madzi ngati chimbudzi cha kusukulu chilibe chitseko? Amadzigwira kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo mkodzo ukakhalitsa m'chikhodzodzo tizilombo timapeza mpata woswana. Akayamba kusamba, mavuto amawirikiza. Choncho pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tisangokhala kumbuyo n'kumawomba m'manja. Tifunse: zimbudzi za atsikana zilipo zingati? Zimatsekeka? Madzi ndi sopo zilipo? Mwana akapempha kutuluka m'kalasi amaloledwa?

Mlungu uno, aliyense akafunse mwana wa kunyumba kwake kuti kusukulu amakodza kangati. Yankho lakelo tikapite nalo kwa ahedi.