Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Asilikali, ku Rumphi



Nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya padziko lonse, inatifikira pakhomo. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi, Gwendolen, inawombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, kutsidya kwa nyanja yathu yomweyi. Pa 9 Sepitembala mfuti zinalira ku Karonga, kwa anansi athu. Anamenya kumeneko ndi asilikali a King's African Rifles pamodzi ndi gulu la Nyasaland Volunteer Reserve, azungu a m'masitolo ndi m'maesiteti omwe ankangoitanidwa zinthu zikavuta. Azungu amene anafa tsiku limenelo ali m'manda osamalidwa bwino ku Karonga, ndipo mayina awo analembedwa pamiyala. Tikuwalemekeza.

Koma mtima wanga lero uli pa atengatenga. Mu 1916 General Northey wa Angerezi atayamba kulowa m'dziko la Tanganyika lomwe linkalamulidwa ndi Majeremani, chakudya ndi zipolopolo zinkayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'Nyasaland anasenza katundu wa nkhondo imeneyo, ambiri mochita kugwidwa m'midzi. Ankakwera mapiri opanda nsapato, mvula ili pamsana, njala ili m'mimba. Kamwazi ndi chibayo zinapha ochuluka, ndipo ena anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda wowalira. Kumudzi minda inagonera. Otsalawo pobwerera mu 1918 anapezana ndi mliri wa fuluwenza. Mayina a anthu amenewa ali kuti? John Chilembwe anadandaula za magazi a Aafirika m'nkhondo ya eni ake mu Novembala 1914, kalata yake n'kutsekerezedwa.

Ana a amuna amenewa anapitanso pankhondo yachiwiri: ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, mpaka ku Burma mu 1944.

Pempho langa n'loti aphunzitsi a ku Bolero, Livingstonia, Mlowe, Chitimba ndi Hewe atume ana kukafunsa agogo awo: ndani m'banja mwathu anapita kunkhondo, ananyamuka chaka chiti, anabwerako kapena ayi? Mafumu, chonde tsegulani mabwalo anu kuti nkhalamba zilankhule zikadali moyo. Mayinawo tiwalembe m'buku limodzi losungidwa kuno ku boma, ndipo chaka chamawa, tsiku ngati lino, tidzawawerenge mokweza.