Za M'licheroli Zili ndi Eni Ake

 Ana inu mukusuzumira pawindopo, chokani, za muno si zanu. Wina akankhe chitsekocho.

Iwe Tadala, vula nsapatozo mwana wanga. Ndakuona ukutsimphina kuchokera kutchalitchi, ndipo muno mulibe wojambula. Inunso a Madalitso, masulani tayiyo mupume. Kuyambira lero ndinu akamwini athu, ndiye ine azakhali ake a mkazi wanuyu ndikulankhulani mosapsatira. Mukakwiya, mukwiyire m'mimba.

Za kuphika, za kusesa, za kugwadira apongozi, sinditayapo nthawi. Munazimva kuchinkhoswe, anankungwi anakuuza zawo Tadala, ndipo abusa awonjezera m'mawa uja mpaka tonse tinachita dzanzi pabenchi. Ine langizo langa ndi limodzi, ndipo lili m'lichero limene makashiya angomaliza kuwerengali.

Ndiyambe ndi kukuyamikani. Mwachita ukwati wolingana ndi thumba lanu. Holo ya patchalitchi pomwepa, ophika amayi a Chigwirizano, nkhuku zoweta okha mayi ako kuseri kwa nyumba, kabichi ndi kachewere zokagula ku Lizulu pa mtengo wa alimi, diresi yobwereka imene Lolemba ibwerera kwa mwini wake. Anthu adya, akhuta, avina. Ndamva ena akung'ung'udza pageti paja kuti keke inali yaifupi, ati magalimoto operekeza anali ochepa. Ong'ung'udzawo ndawaona bwinobwino ine. Ndi omwe aja anaponya K200 imodzi n'kuvinira nyimbo yonse mpaka MC kuwathokoza kawiri. Asiyeni, pofika Lachitatu adzakhala akukamba za ukwati wina.

Koma khutu la azakhali limamva zambiri. Ndamva kuti ndalama ya wojambula ndi ya zokuzira mawu munakatenga ku banki m'khonde. Musayang'anane, si Tadala wandiuza. Ngongoleyo si yaikulu, ndikudziwa. Koma khalani bwino ndikuuzeni za ine, chifukwa ngongole ya ukwati ndimaidziwa nkhope yake.

Ife tinakwatirana mu Ogasiti 1994, chisankho cha mu Meyi chija chitangodutsa, a Muluzi atangolowa m'boma. Chaka chimenecho ndi chimene anaimasula kwacha kuti iziyenda yokha pamsika, ndipo inayendadi, inathamanga osacheuka. Mtengo umene akuuza kusitolo lero, ukabwera ndi ndalama sabata yamawa umapeza wasintha. Achikulire anga awa, a Mbewe, amene akhala duu pakonapo, anali kalaliki pasitolo ina ku Bwalo la Njobvu, tikukhala ku Kawale m'kanyumba ka lendi. Malipiro awo pofika pa 15 amakhala atatsanzika kale.

Komiti ya ukwati inakhala pansi. Mukudziwa mmene komiti imalonjezera. Uyu akuti ng'ombe ndi yanga, uyu makireti a Fanta musadandaule, uyu lole yokatenga anthu kumudzi ndapeza kale. Mlembi akulemba, ife tikuomba m'manja. Apongozi anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali ndi mawu amodzi okha: mwana wawo woyamba, woyambanso kugwira ntchito m'tauni, sangakwatire ndi nkhuku. Pafe ng'ombe, pabwere bandi, mudzi wonse ukwere lole ukaone. Itatsala sabata imodzi, wa ng'ombe uja anatumiza uthenga woti ng'ombe yadwala. Wa lole anangosowa, ndipo nthawi imeneyo kunalibe mafoni a m'manja, munthu akasowa wasowa basi. Wa Fanta anabweretsa kireti imodzi, n'kumwanso yekha mabotolo atatu.

A Mbewe sanandiuze kanthu. Ine ndinangoona ng'ombe yafika, lole yafika, bandi ikumangirira zingwe zake. Mumtima ndinati, eee, koma ndiye ndatola mwamuna. Anthu anadya mpaka ena osawadziwa n'komwe ananyamula nyama m'zitenje. Paja amati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Sindinatchule dzina la munthu ine, a Mbewe, musandiyang'ane choncho.

Perekaniperekani wa masiku amenewo anali wa matambala. Lichero linkalemera ndithu, munthu kulinyamula ndi manja awiri, koma kuliwerenga munkatuluka manyazi. Ndipo tisanaliwerenge n'komwe, manja anali atalowamo kale. Alamu anatapa ya mafuta a lole yobwerera, wa bandi anaima pakhomo kudikira yotsala yake, azakhali ena anati alibe ya basi, amalume ena anati njinga yawo yaphulika tayala. Zimene zinatipeza ife eni ake zinagula thumba la makala, sopo ndi ndiwo za sabata imodzi.

Mwezi utatha kunabwera mlendo. Bambo waulemu wake, jekete, chipewa, njinga yopukutidwa bwino. Anati ndi mnzawo wa a Mbewe. Ine mkwatibwi watsopano, wofuna kuonetsa kuti ndinalangizidwa, ndinagwada, kumupatsa mpando, kumuphikira tiyi wamkaka, kutumanso mwana kukagula masikono. Iye akumwa tiyi, maso ali pa makina anga osokera. Makina a Singer, opalasa ndi miyendo, amene mayi anga, agogo ako Tadala, anagulitsa mtedza ndi mbuzi kuti andigulire, ati mwana wanga asamakapemphe ya mchere kwa mwamuna. Bambo uja anandifunsa kuti, "Amasoka bwino amenewa, mayi?" Ine ndinati, "Kwambiri, bambo." Mpaka ndinatenga kachigamba n'kumuonetsa msoko wake mmene unalili wowongoka. Sekani, inde sekani, nanenso lero ndimaseka.

Anali wakatapila. Ng'ombe ija, lole ija, bandi ija, zonse zinali zake. Lamulo lake linali lakuti ukatenga K100, pakutha pa mwezi ubweze K150, ndipo ukalephera, chiwongoladzanjacho chimaberekanso chake. Anabwera mwezi wachiwiri, anabweranso wachitatu, tsopano osafunanso tiyi, kumangoitanira a Mbewe kuseri kwa nyumba. Ndikafunsa, yankho linali lakuti ndi za amuna. Mu Disembala, nthawi yeniyeni imene telala amapeza ndalama ya madiresi a Khirisimasi, anabwera ndi anyamata awiri ndi wilibala. Nsalu ya mayi wina inali ikadali pansi pa singano. Ndinachita kukweza singanoyo ndekha, kudula ulusi, kuchotsa nsalu ya eni ake, anyamatawo ataima kundidikira. Oyandikana nawo nyumba onse anali panja, ena mwa iwo omwe aja anadya ng'ombe.

Makinawo anandipweteka, koma chimene chinandidula miyendo n'chakuti mwamuna wogona naye chipinda chimodzi anasunga chinthu chotere miyezi yonseyo, akudya nsima yanga, akuseka nane. Ndinamanga kachikwama kanga, kukwera basi ya ku Dedza, kukagwera kwa malume. Malume anandimvetsera mpaka ndinatha misozi, anauza akazi awo andiphikire, ndipo m'mawa mwake anavala jekete n'kukwera nane basi yobwerera. Anaitanitsa nkhoswe wa kuchimuna. Sanakalipe. Anangong'amba pepala m'kope, kuwapatsa a Mbewe, n'kunena kuti lembani ngongole zonse, ngakhale ya machesi. Amayi inu, panatuluka zinthu. Ina ya suti, ina ya kwa abwana awo kuntchito, ina ya nsapato zimene anavina nazo tsiku limodzi lokha. Atamaliza nawo, malume anatembenukira kwa ine n'kuti, "Nanga iwe, unaona ng'ombe ikulowa pa malipiro a kalaliki, sunafunse bwanji?" Mpaka lero ndimati malume anakondera, koma funsolo ndakusungira iwe Tadala. Mwamuna akabwera ndi chinthu choposa thumba lake, usayambe ndi nthungululu. Yamba wafunsa.

Tinabweza movutikira. Ine kudzuka tambala asanalire kukazinga mandasi okagulitsa kudepoti, a Mbewe kuyenda wapansi kupita ndi kubwera kuntchito. Mwana wathu woyamba anabadwa tikubwezabe. Apongozi atabwera kudzaona mdzukulu, anapeza ndiwo ndi nkhwani wopanda n'tomato yemwe, n'kundifunsa kuti kodi m'tauni muno nyama sagulitsa? Ndinatsala pang'ono kuwayankha kuti ng'ombe tinadyeratu, koma ndinadziluma lilime. Ndipo ndinachita bwino, chifukwa atabwerera kumudzi, mwina wina anawanong'oneza, anayamba kutitumizira chimanga ndi nyemba nthawi yokolola iliyonse, osanena kanthu, mpaka tsiku limene anatisiya. Anali mayi wabwino, kungoti ankaopa kusekedwa ndi anzawo. A Mbewe nawo, ndisawadyere ufulu wawo, patapita zaka anandigulira makina ena ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndi omwewo asoka madiresi a operekeza ako lero. Chichokereni tsiku la pepala lija, ngakhale akongole ya ndudu amabwera kudzaulula. Fodyayo anasiya, ndiye pano amangoulula za mayunitsi.

Tsono mverani. Ndalama zili m'licherozi zili ndi eni ake, ndipo woyamba ndi banki m'khonde. Musadikire tsiku la msonkhano, musati tiyambe tagula sofa. Ngongole ya ku gulu imaoneka yofatsa chifukwa okongozawo ndi amayi oseka nawo kutchalitchi, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, ndipo mukachedwa amabwera onse pamodzi ndi zitenje zawo kudzakhala pakhonde panu. Mukabweza imeneyo, lipirani lendi ya miyezi ingapo, gulani chimanga chikadali chotchipa. Zotsalazo, kaya ndi zochepa bwanji, zikhale poti nonse awiri mukuzidziwa. Musanyengeke ndi kukula kwa mapepala. K5,000 inabwera mu 2022 tonse tikuiopa, lero mukalowa nayo mumsika mumatuluka ndi kajumbo kamodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, amene anasunga pansi pa pilo anadzuka atasauka. Ndalama ya kuno siidikira munthu.

Mawa mafoni ayamba kulira. Onse aona ndalama zikuuluka muholo muja, ndipo aliyense wawerengera kale gawo lake. Wina adzati ya thiransipoti yathera panjira, ponyani pa Mpamba. Wina adzati mwana wadwala, nambala ya Airtel Money ndi yomweyi. Ena adzakhala akunena zoona, ndipo m'bale ndi m'bale, simungamutaye. Koma palibe kutumiza mobisa. Inu akamwini, musakatumize kwanu muli kubafa, madzi akutayika kuti mkazi asamve. Iwenso Tadala, ndimakudziwa mtima wako wofewa pa alongo ako. Mugwirizane kaye, kenako ya kwa apongozi ako ukapereke ndiwe ndi manja ako, ya kwa mayi ako akapereke ndi amuna ako. Mudzaona mmene azidzakudalitsirani mbali zonse.

Za anzanu obwera ndi nkhani, banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Za mafoni otsekedwa ndi manambala achinsinsi, ine sindilankhulapo, Mulungu akuonani. Za ana, amapereka ndi Chauta, ndipo aliyense wofuna kuwerengera Tadala miyezi adzayambe wadutsa kwa ine.

Koma ichi chokha, a Madalitso, ndiyang'aneni. Dzanja ayi. Mwanayu ndinamubereka kumbuyo ali khanda mayi ake ali kuchipatala, ndipo takupatsani alibe chipsera. Mukasemphana, ankhoswe ndi awa akhala apawa, sanavalire masuti kudzadya mpunga wokha. Tsiku limene ndidzamve kuti mwamukweza dzanja, sindidzatuma munthu, ndidzabwera ndekha, ndipo njira ya kupolisi ndimaidziwa. Iwenso mwana wanga, pakamwa pako ndi pa kwathu, timabadwa napo tonse. Mwamuna akasowa ndalama usamunyoze, usamuyerekeze ndi wa nyumba yoyandikana nayo. Mwamuna wonyozedwa ndi amene amakagogoda kwa akatapila usiku. Basi, mwetulirani tsopano, nkhope zachita kugwa ngati tili pamaliro.

Iwe Yamikani, usabisale kumbuyo kwa amalume ako, ndamva kuti chaka chamawa ndi iwe. Waona mmene wachitira mlongo wako. Masiku ano mwachulutsa zinthu: chinkhoswe cha muholo ndi nsalu yofanana, bridal shower, send-off, kujambulitsa zithunzi za pa Facebook ukwati usanachitike, kenako gulu la pa WhatsApp lokakamiza anthu kusonkha mpaka anzako kumakuthawa mumsewu. Chilichonse pamenepo chili ndi mtengo wake. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa ankhoswe, wa kutchalitchi ndi wa kwa DC, ndipo onsewo mphamvu yake ndi imodzi. Silifunsa kuti keke inali yaitali bwanji. Powerengera, uwerengere ndalama imene ili m'manja mwako. Zolonjeza za komiti uzilembe ndi pensulo, ndipo za perekaniperekani usaziikemo n'komwe, chifukwa mvula ikhoza kugwa tsikulo, kapena kumudzi kukhoza kugwa zovuta anthu osabwera.

Inu awiri, tengani kope ili, ndakugulirani ndine, musayembekezere mphatso ina. Usiku uno musanagone, tsamba loyamba mulembe ngongole zonse, aliyense zake, ngakhale zimene munatenga musanadziwane. Lolemba m'mawa mupite limodzi kwa msungichuma wa gulu mukabweze, asainire m'kope momwemo. Madzulo ake ndiimba foni, ndipo ndikufuna ndimve mawu a nonse awiri. Amalume, pitirizani, ine ndathera pomwepa. Wina andipatsireko thobwa, kukhosi kwauma.