Galu Woonda Sangalonde Khola

Alimi anzanga, galu amene nthiti zake zikuchita kuwerengeka sangapirikitse fisi kukhola la mbuzi. Ambirife timangomuponyera mkute ndi madeya, kenaka n'kumati ndi waulesi.

Yambani ndi njoka zam'mimba, poti ndizo zimamulanda chakudya. Pitani naye kwa alangizi a ziweto akamupatse mankhwala, ndipo muzibwereza miyezi itatu iliyonse. Muchotseninso nkhupakupa.

Pa chakudya musapupulume. Galu wokhalitsa ndi njala mukamukhutitsa kamodzi amasanza, mwinanso kudwala kumene. Muzimupatsa pang'onopang'ono kanayi patsiku: phala la mgaiwa lothira bonya kapena dzira lowiritsa, madzi oyera pambali. Ndinaonapo bambo wina akumwetsa galu wake Brufen. Chonde musatero, amaononga impso. Akapanda kusintha pakatha masabata awiri, bwererani naye kwa alangizi.