Khadi la ntchito linene zoona

 Ine ndine mwana kwa ambiri a inu, tsono mundikhululukire ndikalakwitsa.

Nditauza mayi anga kuti ndikupita ku Salima kukalankhula za makhadi, nkhope yao inasintha. Kwa iwo liwu loti khadi limakumbutsa khadi la chipani cha Kongeresi, lomwe anyamata a malaya ofiira ankafunsa pachipata cha msika ndi pokwerera basi. Wopanda khadi sankagula ngakhale mchere. Ena mwa inu munathawa dziko lino nthawi imeneyo. Zinthu zinasintha ndi kalata ya mabishopu ya pa 8 March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994.

Khadi lomwe ndabwerera lero ndi lina. Palibe amene akukakamizeni kukhala nalo. Mumalipereka nokha kwa munthu yemwe mukufuna kuti akukumbukireni. Komabe nalonso limasanduka chida chonamizira ngati sitisamala.

Ndiyambe ndi ine mwini. Ndinasiya maphunziro a ku yunivesite ndisanatsirize. Tsiku lomwe ndinapita kukasindikizitsa khadi langa loyamba, wosindikiza anandifunsa ngati aonjezere zilembo za digiri kutsogolo kwa dzina langa, ati palibe amene adzafufuze. Kunena zoona mtima unafuna. Koma ndinadzifunsa kuti, munthu akadzapeza bodza pakapepala kakang'ono aka, adzakhulupirira bwanji nkhani zanga m'nyuzipepala? Ndinalemba dzina langa, pansi pake liwu limodzi: mtolankhani.

Ife Amalawi timakonda maudindo. Tinazolowera nthawi ija pamene dzina la mtsogoleri silinkatchulidwa popanda mndandanda wa maulemu. Lero munthu ali ndi boti limodzi koma pakhadi walemba kuti ndi mkulu wa kampani ya za maulendo. Mlendo akafika n'kupeza boti limodzi lokha, amayamba kukayika ngakhale mtengo omwe mwamuuza. Mukanalemba kuti mumaperekeza alendo ku chilumba cha Namalenje, akanakwera mosangalala.

Tsono khadi labwino limayankha mafunso atatu okha: ndinu yani, mumachita chiyani, mumapezeka kuti.

Pa ntchito, tchulani chinthu chenicheni. Ngati mumasema ziboliboli m'mbali mwa msewu wochoka ku Salima boma, lembani zomwezo. Ngati mumagulitsa usipa wouma kapena mpunga wa ku Lifuwu, nenani choncho. Mau oti "malonda osiyanasiyana" sauza munthu kanthu.

Pa malo, kuno kulibe manambala a nyumba. Tchulani chizindikiro chomwe aliyense amachidziwa, monga msika kapena mphambano, ndi mbali yomwe muli.

Pa foni, nambala imodzi kapena ziwiri zakwana, ndipo zikhale zoyankhidwa. Ngati makasitomala anu ndi ochokera kunja, yambani ndi +265 n'kuchotsa 0 woyamba. Onetsaninso ngati nambalayo imalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Musanalipire wosindikiza, werengani nambala iliyonse mokweza, kenaka muiimbe. Nambala imodzi ikalakwika, makhadi onse aja ndi oyatsira moto.

Kukula kwake kufanane ndi khadi la kubanki, pafupifupi mamilimita 85 m'litali ndi 55 m'lifupi, kuti lilowe m'kachikwama. Zilembo zikhale zakuda papepala loyera, zazikulu moti agogo awerenge opanda magalasi. Pepala likhale lolimba. Kuno manja amakhala onyowa, ndiye pemphani kuti alikute ndi pulasitiki. Mbali imodzi mulembe m'Chichewa, inayo m'Chingerezi. Chithunzi chikhale chimodzi, nsomba kapena bwato, osati zonse.

Chenjezo lina ndi la mitundu. Musavale chipani pakhadi lanu. Wa Kongeresi, wa UDF ndi wa DPP onse amadya chambo, ndipo ndalama yao ndi imodzi. Makolo athu sanavutikire ufulu kuti ife tiyambenso kufunsana za chipani pogula ndiwo.

Pomaliza, kumbukirani kuti khadi ndi lonjezo. Mukalemba kuti mumatsegula 7 koloko m'mawa, mupezeke. Mukauza mlendo mtengo pamchenga, usakwere ali pakati pa nyanja. Munthu yemwe mwamunamiza amasunga khadi lanu bwino lomwe, kuti akaonetse anzake yemwe ayenera kumupewa.

Mayi anga ndinawapatsa khadi langa ndisananyamuke. Analitembenuza kawiri, n'kufunsa kuti alipire zingati. Ndinawauza kuti ili ndi laulere.